Gawo limodzi silikwanira: mbiri ya mkangano umene timauyambiranso miyezi itatu iliyonse

Sabata yoyamba ya Okutobala ikafika, gulu lathu la pa WhatsApp siligona. Tilimo anthu makumi atatu ndi kanthu, ena tikadali pasukulu, ena anamaliza ndipo akuzungulira m'tauni ndi maenvulopu a khaki. Miyezi iwiri yapitayi gululi linali zii, mwa apo ndi apo wina kufunsa za manotsi. Koma Loweruka lapitali ndinadzuka n'kupeza mauthenga osawerengeka. Sizoni yatsopano ya anime yayamba. Wina waonera gawo limodzi la mphindi 24 ndipo walengeza kale kuti imeneyo ndiye anime ya chaka chino. Wina wati ndi zinyalala. Wachitatu sanaonere n'komwe, koma akutsutsa onse awiri.

Ine masiku ano ndimayamba ndakhala chete, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Mu Okutobala 2022 ndinali chaka choyamba. Sizoni imeneyo inali yodzaza: Bleach inabwerera patapita zaka khumi, kunali Mob Psycho 100 yachitatu, Blue Lock, ndi Chainsaw Man imene aliyense ankaidikirira. Mesho wanga anali munthu wosayankhulayankhula. M'gulumo ankangowerenga, sanalembepo kanthu. Tsiku lina usiku analimba mtima n'kulemba kuti tiyeseko Bocchi the Rock!, nkhani ya mtsikana wamanyazi woimba gitala. Ndinaonera gawo loyamba, mtsikanayo n'kumaimba pasiteji atabisala m'katoni ya mango, ndipo ndinayankha pagulu pomwepo: "Amwene, bandulo yanga si yoonerera munthu amene akuopa anthu." Anthu anaseka. Mesho sanayankhe. Kutacha ndinaona kuti watuluka m'gulumo, ndipo m'chipinda sanaitchulenso nkhaniyo.

Za mesho ndizibwerera kumapeto. Chimene chinanditsalira ndi funso: khalidwe ili loweruza ntchito ya anthu mazanamazana ndi gawo limodzi, kenako n'kuthamangira pa ina miyezi itatu ikatha, linachokera kuti? Poyamba ndinkaganiza kuti ndi chibwana chathu cha pa foni. Nditawerenga mbiri yake ndinapeza kuti lili ndi mizu yaitali, ndipo mizuyo ili m'ndalama.

Pachiyambi kunalibe sizoni

Pa 1 Januwale 1963, Fuji TV ku Japan inaonetsa gawo loyamba la Tetsuwan Atom, imene kunja imadziwika kuti Astro Boy. Mwini wake, Osamu Tezuka, anachita chinthu chimene ambiri ankati n'chosatheka: kutulutsa katuni ya theka la ola sabata iliyonse. Makatuni a m'sinema a nthawi imeneyo ankadya zojambula zambiri pa sekondi iliyonse. Situdiyo ya Tezuka, Mushi Production, inazidula kwambiri. Nthawi zambiri pakamwa pokha m'pamene pankayenda nkhope ili chiimire, ndipo zojambula zina ankazisunga kuti adzazigwiritsenso ntchito m'magawo ena. Tezuka anavomeranso mtengo wotsika kuposa ndalama zimene zinkalowa popanga gawo lililonse, poyembekezera kubweza kudzera m'katundu wokhala ndi chithunzi cha Atom komanso kugulitsa kunja. Zinathekadi. Kampani ya maswiti ya Meiji inkaika timasitika ta Atom m'chokoleti chake, ndipo chaka chomwecho katuniyi inayamba kuonetsedwa ku America.

Atom inatha pa 31 Disembala 1966 itakwanitsa magawo 193. Chiwerengero chimenecho chikusonyeza mmene zinthu zinalili. Palibe amene ankati tipanga magawo 12 kenako tione. Katuni inkapitirira malinga ngati ana akuonera ndipo wotsatsa malonda akulipira. Sazae-san, imene inayamba mu Okutobala 1969, ikuonetsedwabe mpaka lero Lamlungu lililonse madzulo.

M'dziko limenelo maganizo a woonera pa gawo loyamba analibe kopita. Mwana ankakambirana ndi anzake kusukulu m'mawa, basi. Oweruza enieni anali awiri: chiwerengero cha mabanja amene atsegula kanema, ndi wogulitsa zidole kapena maswiti.

Pamene oonera anatsutsa chigamulo

Zinthu zinasintha chifukwa cha ma anime awiri amene poyamba analephera.

Yoyamba ndi Space Battleship Yamato, imene inayamba mu Okutobala 1974. Inali ndi tsoka: inkaonetsedwa Lamlungu nthawi imodzimodzi ndi Heidi, Girl of the Alps, ya Isao Takahata, imene Hayao Miyazaki nayenso ankagwirako ntchito. Masiku amenewo nyumba inkakhala ndi kanema mmodzi, ndipo banja lonse linkasankha Heidi. Yamato inafupikitsidwa n'kuthera pa magawo 26. Malinga ndi muyezo wa nthawiyo, nkhani inathera pomwepo.

Koma panali gulu limene muyezowo sunkaliona: achinyamata a ku sekondale ndi ku koleji, amsinkhu wathu. Iwowa anaigwira Yamato pamene inkabwerezedwa, anayambitsa timagulu ta oikonda, ankalemberana makalata ndi kusindikiza timabuku tawo. Mu Disembala 1975 ku Tokyo kunachitika Comiket yoyamba, msika wa timabuku tolembedwa ndi anthu wamba, kumene kunali timagulu 32 togulitsa ndi anthu pafupifupi 700. Mu 1977 magazini ya OUT inatulutsa nkhani yaikulu ya Yamato, ndipo filimu yake itatuluka mu Ogasiti chaka chomwecho, achinyamata anachezera pamzere kunja kwa nyumba za sinema. Amalonda anadzidzimuka. Chaka chotsatira, 1978, kampani ya Tokuma Shoten inayambitsa Animage, magazini yokamba za anime. Tsopano woonera anali ndi malo olemberako maganizo ake, komanso anayamba kudziwa mayina a anthu amene amajambula ndi kutsogolera ntchitozi.

Yachiwiri ndi Mobile Suit Gundam ya Yoshiyuki Tomino, imene inayamba pa 7 Epulo 1979. Wotsatsa malonda wamkulu anali kampani ya zidole yotchedwa Clover, ndipo iyo inkafuna loboti yowala imene ana angalirire kusitolo. Tomino anawapatsa nkhani ya nkhondo yodzaza ndale, asilikali amantha, ndi adani amene nawonso ali ndi zifukwa zawo. Ana aang'ono sanaimvetse, zidole sizinayende malonda. Magawo amene anakonza kuti akhale 52 anadulidwa kufika pa 43, ndipo inatha mu Januwale 1980.

Apanso achinyamata anakana. Magazini a anime anadzaza ndi Gundam, ndipo itayamba kubwerezedwa oonera anachuluka. Mu Julayi 1980 kampani ya Bandai inayamba kugulitsa timaloboti ta pulasitiki tolumikiza wekha, toyamba pa mtengo wa 300 yen, ndipo timeneti tikugulitsidwabe mpaka pano. Pa 22 Febuluwale 1981, filimu yoyamba ya Gundam ili pafupi kutuluka, achinyamata zikwizikwi anasonkhana ku Shinjuku, ena atavala ngati anthu a m'nkhaniyo.

Chimene chimandikhudza m'nkhani ziwirizi n'chakuti kukambirana kwa okonda anime kunabadwa ngati apilo. Panali bwalo loyamba limene linaweruza mofulumira kuti izi n'zosathandiza, ndipo oonera anadzuka n'kunena kuti mwafulumira, taonaninso. Ife a lero, amene timadzitcha zidzukulu zawo, tasanduka bwalo loyambalo.

Evangelion, usiku, ndi kubadwa kwa miyezi itatu

Pa 4 Okutobala 1995, TV Tokyo inayamba kuonetsa Neon Genesis Evangelion ya Hideaki Anno, Lachitatu madzulo, nthawi ya ana. Inayamba ngati nkhani ya maloboti olimbana ndi zilombo, n'kumka nilowa m'mutu mwa mnyamata amene akulephera kugwirizana ndi bambo ake. Magawo awiri omaliza, mu Malichi 1996, anasiya nkhondo yonse n'kukhala m'maganizo mwa mnyamatayo. Ena anati ndi luso, ena anati aberedwa. Mkanganowo unali waukulu, ndipo mu Julayi 1997 kunatuluka filimu yopereka mathero ena, The End of Evangelion.

Kwa amalonda phunziro linali lina. Evangelion inagulitsa matepi, madisiki, nyimbo ndi mabuku mochuluka zedi, ndipo ogula anali achinyamata ndi akuluakulu okhala ndi ndalama zawozawo. Ngati zili choncho, bwanji kulimbirana nthawi yodula ya madzulo? Kuyambira cha m'ma 1996, ndi ma anime ngati Those Who Hunt Elves, TV Tokyo inayamba kuika anime pakati pa usiku, ndipo mawayilesi ena anatsatira.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Pa anime ya usiku, kawirikawiri si wayilesi imene imalipira. Makampani angapo, monga wosindikiza buku la nkhaniyo, wogulitsa madisiki, wa nyimbo ndi wa zidole, amasonkha ndalama n'kupanga komiti. Komitiyo imalemba ganyu situdiyo, kenako imagula nthawi pa wayilesi. Kunena mosabisa, anime yokhayo ndi chotsatsira malonda cha zinthu zina. Aliyense mu komiti amaikamo pang'ono kuti ikagwa asagwe nayo. Ndipo munthu wosafuna kuluza zambiri salonjeza magawo 52. Amalonjeza 12 kapena 13.

Nambala imeneyi siinangogwa kumwamba. Mawayilesi a ku Japan amagawa chaka m'zigawo zinayi za miyezi itatu, zimene amazitcha kūru, ndipo mapulogalamu atsopano amayamba mu Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala. Kusintha kwakukulu kumachitika mu Epulo, pamene chaka cha boma ndi cha sukulu chimayamba kumeneko, ndi mu Okutobala. Masabata 52 kuwagawa panayi ndi 13. Choncho chimene timachitcha sizoni ndi kalendala ya maofesi a ku Tokyo. N'chifukwa chake mayina ake satikwana. Sizoni imene iwo amati ya chisanu imatipeza m'dzinja, chimanga chili m'mawondo. Imene amati yotentha, ya Julayi, ife timaionera titafunda mabulangete chiperoni chikuwomba.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Masiku ano sizoni iliyonse imabwera ndi ma anime atsopano oposa 40, ndipo pafupifupi onse amayamba m'masabata awiri omwewo. Palibe munthu angaonere onse. Ndiye aliyense amakakamizika kusankha msanga, ndipo gawo loyamba limasanduka intavyu ya ntchito.

Mmene kalendalayi inatipezera

Kwa zaka zambiri kalendala imeneyi inali ya anthu a ku Japan okha. Okonda anime a ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ankadalira matepi a VHS amene anzawo aikamo mawu omasulira, n'kumatumizirana pa positi. Munthu ankaona anime patapita miyezi kapena zaka. Intaneti itafala m'zaka za m'ma 2000, magulu omasulira mwaulere anayamba kupikisana kuti atulutse gawo patangopita masiku ochepa. Crunchyroll, imene inayamba mu 2006 ngati malo oikapo makanema opanda chilolezo, inasintha mu Januwale 2009 n'kuyamba kuonetsa Naruto Shippuden movomerezeka, patangotha ola limodzi chionetsereni ku Japan. Kuchokera pamenepo dziko lonse linayamba kuonera limodzi, ndi kukangana limodzi. Mu 2021 Sony inagula Crunchyroll pa mtengo woposa madola 1 biliyoni.

Ine ndinakula kunja kwa kalendala imeneyi, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a inu n'chimodzimodzi. Naruto ndinakumana naye pa madisiki a achimwene anga, ena okalikakalika moti magawo ena ankangodumpha. Pambuyo pake ndinkapita ndi flashi kwa anyamata oika mafilimu ndi nyimbo kumsika. Kumeneko sumafunsa kuti chatsopano n'chiyani ku Tokyo. Umafunsa kuti muli ndi chiyani, ndipo chimene wapatsidwa umachionera chonse, chifukwa china kulibe. Death Note ndinaionera patapita zaka zoposa khumi chitulukireni, osadziwa kuti ndachedwa. Sindinkadziwa kuti anthu ena anaipatsa mamalikisi angati. Ndinangoikonda.

Ku koleji m'pamene ndinalowa m'nthawi ya ku Japan. Iwo ali patsogolo pathu ndi maola asanu ndi awiri, choncho anime yoonetsedwa 1 koloko usiku ku Tokyo imakhala ikutuluka ife tili pamzere wa chakudya chamadzulo, 6 koloko ya dzulo lake. Pofika nthawi yogona, anthu a m'mayiko ena alemba kale ndemanga, apereka mamalikisi pa MyAnimeList, ndipo tizidutswa tabwino tili ponseponse pa TikTok. Ambiri a ife timaonera gawo loyamba tikudziwa kale chimene tikuyenera kuganiza. Ena saonera n'komwe, amangotola za ena n'kudzazitula m'gulu. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Lamulo la magawo atatu

Okonda anime anadziwa okha kuti gawo limodzi limanamiza, n'kupanga lamulo losalembedwa: usasiye anime usanaonere magawo atatu. Ambiri amalilumikiza ndi Puella Magi Madoka Magica ya mu Januwale 2011. Zithunzi zoitsatsa zinkaonetsa atsikana ovala zokongola okhala ndi mphamvu zamatsenga, ngati katuni ya ana. Magawo awiri oyamba sanatsutse kwenikweni. Lachitatu linagubuduza tebulo. Sindikuuzani chimene chimachitika, koma amene anaisiya pa gawo loyamba anaphonya imodzi mwa ntchito zokambidwa kwambiri za zaka zimenezo. Magawo ake awiri omaliza anachedwa mpaka mu Epulo chifukwa cha chivomezi ndi tsunami za pa 11 Malichi 2011, ndipo anthu anadikira.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi Kemono Friends ya mu Januwale 2017. Inapangidwa ndi kagulu kochepa, zojambula zake za pa kompyuta zinkaoneka zosauka, ndipo gemu ya pa foni imene nkhaniyi inachokerako inali itatsekedwa kale mwezi umodzi m'mbuyomo. Ambiri amene anaona gawo loyamba anaiseka. Koma amene anapirira anayamba kuona zizindikiro zakuti kuseri kwa tinyama tosekererato kuli dziko limene anthu anasowamo. Anayamba kufunsana, kuyerekeza, kuitana anzawo. Pofika pakati pa sizoni inali nkhani ya dziko lonse la Japan, mpaka malo osungira nyama anayamba kuchita nayo mgwirizano. Apa kukambirana kunagwira ntchito imene kunagwira pa Yamato, kungoti m'masabata m'malo mwa zaka.

Ngakhale magawo atatuwo nthawi zina sakwanira. Demon Slayer inayamba mu Epulo 2019 ndipo inkakondedwa ndithu, koma chimene chinaiphulitsa ndi gawo la 19, mu Ogasiti. Chaka chotsatira filimu yake, Mugen Train, inaposa Spirited Away n'kukhala filimu yopeza ndalama zambiri m'mbiri ya Japan pa nthawiyo, ndipo pambuyo pake inafika pa ndalama zoposa 40 biliyoni yen.

Palinso bodza la mbali inayo, limene sitilikamba mokwanira. Gawo loyamba likhoza kukongola kuposa anime yonse. Wonder Egg Priority ya mu Januwale 2021 inayamba mochititsa kaso moti ambiri anaiveka ufumu sabata yoyamba. Ntchito inawathina opanga ake, gawo lachisanu ndi chitatu linangokhala lobwereza zakale, ndipo mathero anachedwa mpaka mu Juni n'kukhumudwitsa ambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa chake chili m'kapangidwe. Nthawi zambiri anime imayamba kuonetsedwa magawo akumapeto asanathe kujambulidwa. Gawo loyamba limapatsidwa miyezi ndi akatswiri, pamene lachisanu ndi chinayi limapangidwa ndi anthu otopa akuthamangitsana ndi tsiku. Amene munaonera Shirobako ya 2014 mukudziwa chimene ndikunena. Tikamaweruza ndi gawo loyamba, timaweruza mbali imene anaikonzera dala kuti itikope.

Makampani nawo anaphunzira khalidwe lathu. Mu Epulo 2023 Oshi no Ko inayamba ndi gawo lotalika pafupifupi ola ndi theka, kuti chinthu chachikulu cha m'nkhaniyo chichitike woonera asanathawe. Mu Seputembala chaka chomwecho Frieren inatulutsa magawo anayi oyamba usiku umodzi, pa nthawi imene Nippon TV imaonetsa mafilimu Lachisanu. Nkhani yake ndi yodekha, yokamba za imfa ndi kukumbukira, ndipo gawo limodzi lokha likanatha kuoneka ngati palibe chikuchitika. Ndiye lamulo limene oonera anapanga kuti adziteteze lasanduka chinthu chimene opanga amachiwerengera.

Kudziikira kumbuyo pang'ono

Ndisanamize anthu kuti kupirira n'kwaulere. Amene amalalikira za magawo atatu nthawi zambiri amakhala kumene intaneti siitha. Kuno gawo lililonse ndi bandulo, ndipo bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Wi-Fi ya pasukulu imakoka bwino 2 koloko usiku, magetsi akakhalapo. Kupatsa ma anime khumi magawo atatuatatu ndi magawo 30, maola khumi ndi awiri, mayeso a pakati pa semesita ali pakhomo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kusiya anime pa gawo loyamba si tchimo. Ndi bajeti.

Komanso phokoso la sabata yoyamba lili ndi ubwino wake. Ndi nthawi yokhayo imene tonse timakhala ofanana, palibe amene akudziwa mathero kupatula amene anawerenga buku lake, ndipo amenewo timawaopseza kuti tiwachotsa m'gulu. Mnzathu wina amene anamaliza chaka chatha ndipo ntchito sanaipeze anandiuza kuti sabata imeneyi ndi imene amamva kuti akadali mmodzi wa ife. Zimenezo si zazing'ono.

Vuto langa lili pa kusiyana kwa mawu awiri: "sinandikoke" ndi "ndi zinyalala". Oyambawo akunena za ine, nthawi yanga ndi bandulo yanga. Achiwiriwo ndi chigamulo, ndipo mbiri yonse imene ndafotokozayi ikuonetsa kuti zigamulo za sabata yoyamba zimalakwika kawirikawiri, mbali zonse ziwiri. Anthu a wayilesi analakwitsa pa Yamato. Kampani ya zidole inalakwitsa pa Gundam. Iwo anali ndi ziwerengero ndi ndalama zawo pachiswe. Nanga ine, ndi mphindi 24 pa foni yosweka galasi?

Ndipo chigamulo choperekedwa pagulu sichigwera anime yokha. Anime ilibe makutu. Chimagwera munthu amene waibweretsa.

Mesho

Bocchi the Rock! ndinaionera pa holide ya Khirisimasi chaka chomwecho, kumudzi, chifukwa inali pa flashi imene ndinakopera zinthu zina ndipo china choonera chinali chitatha. Ndinabwerera m'dziko lakale lija loonera chimene chilipo. Pofika gawo lachisanu ndi chitatu, pamene gulu lawo likuimba pamaso pa anthu ochepa chifukwa cha chimphepo, zinthu zikusokonekera, mtsikana uja n'kuponda pansi n'kuyamba kuliza gitala yekha kuti apulumutse anzake, ndinaimitsa kanemayo. Ndinakumbukira munthu amene ankadikira kuti anthu achepe kukafiteriya asanapite kukadya, amene ankalemba uthenga n'kuufufuta katatu asanautumize. Usiku uja sanali kutiuza za katuni chabe. Anali kutiuza za iyeyo, m'njira yokhayo imene akanatha. Ine n'kumuyankha kuti bandulo yanga si yoonerera munthu woopa anthu.

Dziko nalo linali litanditsutsa kale. Pomatha sizoni imeneyo Bocchi inkatchulidwa limodzi ndi Chainsaw Man, nyimbo zake zinakwera pamwamba pa mindandanda ya ku Japan, ndipo amene anaitsogolera, Keiichiro Saito, ndi yemwenso anadzatsogolera Frieren chaka chotsatira. Koma zimenezo sizinandipweteke ngati kuzindikira chimene ndinamuchita mnzanga.

Ndinakwera pachulu pamene netiweki imagwira n'kumulembera: "Aise, ndaionera yonse. Ndinalakwitsa, ndipo ndinakulakwira. Pepa." Anayankha mawa lake, mawu awiri okha: "Gawo 8?" Ndinati eya. Anatumiza kachithunzi ka gitala.

M'gulu sanabwererenso mpaka lero, ndipo sindimukakamiza. Tinasiyana zipinda chaka chachiwiri. Koma sabata yoyamba ya Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala amanditumizira dzina limodzi, la anime imene palibe akuikamba. Lamulo langa tsopano ndi lakuti imeneyo ndimaionera mpaka kumapeto, kaya bandulo ivute bwanji, ndipo sindinenapo kanthu pagulu mpaka itatha. Ya sizoni ino wanditumizira Lachiwiri. Gawo loyamba silinandikoke. Lachiwiri likutuluka mawa madzulo.